Nkhandwe ya Katoni ndi ya Chitsulo: Kumene Mlenje wa ku Britain Amaphunzira Malire a Mfuti Yake

M'midzi ya ku England, Wales ndi Scotland, kumene alimi amaweta nkhosa m'mapiri ndipo eni minda ikuluikulu amasunga mbalame za ulenje, nkhandwe yofiira, imene akatswiri a sayansi amaitchula kuti Vulpes vulpes, imaphedwa kwambiri ndi mfuti, ndipo kawirikawiri imawomberedwa usiku pa mtunda wa mayadi 100 mpaka 200, mwinanso kupitirira apo, yadi imodzi kukhala masentimita 91. Pa mtunda wotere, ndiponso pa kanyama kakang'ono chonchi, masentimita owerengeka chabe ndi amene amalekanitsa imfa ya nthawi yomweyo ndi bala limene nyama imathawa nalo n'kukavutika nalo masiku angapo m'dzenje. N'chifukwa chake alenje osamala amayamba apanga chandamale chooneka ngati nkhandwe, cha katoni, cha thabwa kapena cha chitsulo, n'kumayeserapo dzanja ndi mfuti yawo asanaloze nyama yamoyo. Ntchito yopanga chandamale chotere imaoneka yopepuka, koma imafuna kudziwa thupi la nyama, kayendedwe ka chipolopolo ndi kulimba kwa zitsulo, ndipo koposa zonse imakakamiza munthu kuyankha funso limene ambiri amalizemba, lakuti ndi pa mtunda uti pamene iye ayenera kutsitsa mfuti n'kuisiya nyamayo ipite.

Chifukwa chake mfuti ili patsogolo

Kwa zaka mazana angapo, kusaka nkhandwe ndi gulu la agalu, alenje atakwera pa mahatchi, kunali mwambo wotchuka wa kumidzi ya ku Britain, koma Scotland inaletsa mchitidwewu ndi lamulo la mu 2002, ndipo England ndi Wales anatsatira ndi lamulo lotchedwa Hunting Act 2004, limene linayamba kugwira ntchito pa 18 February 2005. Malamulowa asanakhazikitsidwe, boma linasankha komiti yofufuza motsogozedwa ndi Lord Burns, imene mu lipoti lake la mu 2000 inaona kuti kuwombera nkhandwe usiku ndi mfuti yamphamvu, ngati kwachitika moyenera komanso pa malo oyenera, kumazunza nyama mocheperapo poyerekeza ndi kuithamangitsa ndi agalu. Ganizo lonselo latsamira pa mawu akuti moyenera, pakuti mfuti imene ili m'manja mwa munthu wosayeserera imasiya nyama zolumala zimene palibe amene amaziwerenga. Lamulo la mfuti la mu 1968 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti ya mtundu wa rifle, imene imatulutsa chipolopolo chimodzi chozungulira ngati nguli ndi chofika patali, akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi ndi chifukwa chomveka chokhalira nayo, ndipo kuteteza ziweto kwa nkhandwe ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimavomerezedwa.

Zifukwa zophera nkhandwe ndi zingapo, ndipo si onse amene amazivomereza. Alimi amadandaula za ana a nkhosa obadwa m'miyezi ya March ndi April komanso za nkhuku zoyenda pabwalo, pamene osamalira minda ya ulenje amateteza pheasant, mbalame yonga nkhwali ya mchira wautali imene imawetedwa kuti idzasakidwe. Oteteza zachilengedwe ena amada nkhawa ndi mbalame zoikira mazira pansi, ndipo kafukufuku amene bungwe la Game and Wildlife Conservation Trust linachita ku Otterburn m'chigawo cha Northumberland pakati pa 2000 ndi 2008 anaonetsa kuti pamene nkhandwe ndi akhwangwala zinachepetsedwa, mbalame monga curlew, lapwing ndi golden plover zinkakwanitsa kulera ana pafupifupi katatu kuposa pamene zolusazo zinangosiyidwa. Mabungwe otsutsa, monga League Against Cruel Sports limene linakhazikitsidwa mu 1924, amanena kuti ana a nkhosa ambiri amafa ndi njala, kuzizira ndi matenda, ndiponso kuti malo a nkhandwe yophedwa amalowedwa msanga ndi ina yochokera kwina. Mkanganowu sunathe, koma mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti nyama yovulazidwa n'kuthawa ndi cholakwa chimene palibe phindu lililonse lingachilungamitse.

Chimene ubweya umabisa

Wopanga chandamale amayambira pa miyeso yeniyeni ya nyama, ndipo miyesoyo imadabwitsa ambiri chifukwa nkhandwe yofiira ndi yaing'ono kuposa mmene imaonekera. Yaimuna ya ku Britain imalemera makilogalamu 6 kapena 7, yaikazi imapepukirapo, thupi lake kuchokera kumphuno kufika patsinde pa mchira ndi masentimita 60 mpaka 75, mchira umawonjezera masentimita pafupifupi 40, ndipo paphewa ndi yotalika masentimita 35 mpaka 40 basi. M'nyengo yozizira ubweya wake umakhuthala kwambiri, kotero kuti mbali yaikulu ya chimene diso limaona m'galasi la mfuti ndi ubweya wokhawokha umene chipolopolo chingadutsemo osakhudza mnofu. Malo amene chipolopolo chimapha nthawi yomweyo ndi chifuwa, mmene muli mtima ndi mapapo, kumbuyo pang'ono kwa phewa, ndipo kukula kwa malowa ndi masentimita 8 mpaka 10, ngati lalanje lalikulu. Chipolopolo chikapita kumbuyo chimalowa m'matumbo, chikatsika chimathyola mwendo, ndipo mutu, ngakhale uli ndi ubongo, ndi waung'ono komanso wosakhazikika, moti kuphonya pang'ono kumaphwanya nsagwada n'kusiya nyama yosatha kudya. Chandamale chabwino chimayenera kunena zoona pa zonsezi, chifukwa chimene chakuzidwa mopitirira muyeso chimamunamiza mlenje kuti wapha pamene kuthengo akanangovulaza.

Mbiri ya nyama zopanga

Kuyeserera pa chifaniziro cha nyama si kwatsopano. Bungwe la National Rifle Association la ku Britain, limene linakhazikitsidwa mu 1859 ndipo linkachitira mipikisano yake ku Wimbledon lisanasamukire ku Bisley mu 1890, linali ndi mpikisano wowombera gwape wachitsulo woyenda pa njanji, ndipo mpikisano wa gwape wothamanga unafika mpaka ku masewera a Olympic mu 1908, kumene Oscar Swahn wa ku Sweden anapambana ali ndi zaka 60. Ku Mexico kunali mwambo wowombera ziweto zamoyo zomangirira patali pa masiku a zikondwerero, ndipo pofika mu 1948 ziwetozo zinayamba kulowedwa m'malo ndi zifaniziro zachitsulo, zimene mpaka lero zimaikidwa pa mitunda yokhazikika: nkhuku pa mamita 200, nguluwe pa mamita 300, nkhukundembo pa mamita 385 ndi nkhosa yamphongo pa mamita 500. Ku Germany, mipikisano ya bungwe la alenje la Deutscher Jagdverband ili ndi chithunzi cha nkhandwe yokhala pansi chimene chimawomberedwa pa mamita 100 munthu atagona chafufumimba. Miyambo yonseyi inazindikira kuti bwalo lakuda pa pepala loyera limauza diso pamene liyenera kuloza, pamene nyama siuza munthu kanthu, ndipo mlenje amayenera kupeza yekha malo a mtima pa thupi lopanda chizindikiro chilichonse.

Zimene nkhandwe za pepala zinaulula mu 2005

Umboni wamphamvu wa ntchito ya zifanizirozi unachokera m'kafukufuku amene Nick Fox ndi anzake anafalitsa mu 2005 m'magazini ya sayansi yotchedwa Animal Welfare. Ofufuzawo anatenga nkhandwe yeniyeni yakufa, anaiumitsa ndi kuzizira, anaidula m'litali mwake, ndipo anajambula mzere wa thupi lake pamodzi ndi malo a ziwalo zam'kati pa mapepala ofanana kukula ndi nyama yamoyo. Anthu 199 a ku England, Wales ndi Scotland, ena aluso ndi ena ongoyamba kumene, anawombera mapepalawo, ndipo zonse pamodzi zinali kuwombera kokwana 1,085 kwa shotgun, imene ndi mfuti yomwaza tizipolopolo tambirimbiri nthawi imodzi, ndi kokwana 885 kwa rifle. Owombera ndi rifle ankapatsidwa masekondi 4 okha chithunzi chisanatsitsidwe, masana ndi usiku womwe, pa mitunda yofika mayadi 150, ndipo kuwombera kulikonse kunkawerengedwa monga kupha, kuvulaza kwambiri, kuvulaza pang'ono kapena kuphonya.

Zotsatira zake zinali zofunika kuziganizira mofatsa. Mfuti za rifle zinapha bwino kwambiri ndi kuvulaza mocheperapo kuposa za shotgun, ndipo luso la wowombera likamakwera, kupha kunkachuluka ndipo kuphonya kunkachepa, koma chiwerengero cha zovulazidwa sichinkasintha kwenikweni. Panalibenso njira ndi imodzi yomwe mwa zonse zimene zinayesedwa imene inalibiretu mpata wovulaza. Kafukufukuyu anatsutsidwa ndi ena chifukwa anachitika pa pempho la gulu la aphungu limene linkafuna kuti kusaka ndi agalu kuloledwe pansi pa ziphaso, ndiponso chifukwa pepala silionetsa kuti mlenje amatha kuwomberanso kachiwiri. Ngakhale zili choncho, phunziro lake kwa wopanga chandamale ndi lomveka: ngati kuvulaza kumachitika pa mayadi 150 m'manja mwa aluso, munthu wofuna kuwombera pa mayadi 250 kapena 300 ali ndi udindo waukulu kwambiri wodziyesa yekha mosadzikondera.

Katoni, pulasitiki ndi thabwa

Chandamale chophunzitsa bwino kwambiri ndi chotchipa kuposa zonse, chifukwa katoni imasunga bowo lililonse pamalo pamene chipolopolo chadutsa. Mlenje amajambula mzere wa thupi la nkhandwe pa muyeso weniweni, mwina pokulitsa chithunzi mothandizidwa ndi timabokosi tojambula pa pepala, mwina pogoneka pa katoni nkhandwe imene inaphedwa kale n'kuizunguliza ndi pensulo, ndipo akatero amadula chikombole chimodzi cha thabwa la pulayiwudi chimene amadzajambulira zifaniziro zina zonse. Popeza ku Britain kumagwa mvula kawirikawiri, ambiri amakonda pulasitiki ya mizere ya m'kati yotchedwa Correx, imene amalembapo zikwangwani zotsatsa nyumba, chifukwa sinyowa, ndi yopepuka, ndipo imaima bwino pa timitengo tiwiri tozikidwa pansi. Timitengoto timayenera kukhala tamatabwa, ndipo misomali ndi zitsulo zina zimaikidwa kutali ndi pamene chipolopolo chidzadutse.

Chifaniziro chimodzi sichikwana, popeza nkhandwe siima chammbali nthawi zonse. Pamafunika china choima chammbali, china chokhala pansi chitayang'ana kwa mlenje, monga imachitira nkhandwe ikamva kulira kwa kalulu kumene alenje amatsanzira poiitana, ndi china chopendekeka, chifukwa pa kaimidwe kalikonse malo a mtima amasuntha ndipo m'lifupi mwa chifuwa mumachepa. Utoto wake umayenera kukhala wofiirira mosawala, wosakanizika ndi wotuwa, kuti chifanizirocho chizimirire mu udzu monga imachitira nyama yeniyeni. Chinsinsi chachikulu chili pa malo ojambula ziwalo: bwalo la mtima ndi mapapo limajambulidwa kumbuyo kwa katoni, kapena kutsogolo ndi mzere wa pensulo wosaoneka patali, kuti wowombera asapatsidwe poloza. Akatha kuwombera amapita kukatembenuza katoniyo n'kuwerenga mabowo monga anachitira ofufuza aja, ndipo bowo limene lagwera pa mzere wa bwalo limawerengedwa kuti ndi bala, chifukwa kudzikomera mtima pa katoni kumadzalipiridwa ndi nyama yamoyo.

Chitsulo ndi zoopsa zake

Pa mtunda wautali, kuyenda ulendo wopita ndi kubwera kukaona mabowo kumadya nthawi, ndipo apa ndi pamene chitsulo chimathandiza, popeza chimalira chikamenyedwa, chimagwedezeka, ndipo utoto woyera umene umapoperedwa pamwamba pake umaonetsa kadontho kotuwa kamene kamaoneka m'galasi. Koma si chitsulo chilichonse chimene chingagwire ntchito imeneyi. Chitsulo wamba cha pa zomangamanga ndi chofewa, kotero kuti chipolopolo chothamanga chimachibowola kapena kuchikumba timaenje, ndipo timaenjeto timabweza zidutswa za zipolopolo zotsatira kumene zachokera. Chofunika ndi chitsulo cholimbitsidwa chimene amapangira mabeseni a magalimoto onyamula miyala, chodziwika ndi dzina lakuti AR500, monga cha Hardox 500 chimene chimapangidwa ndi kampani ya SSAB ya ku Sweden. Nambala ya 500 imanena za kulimba kwake pa muyeso wa Brinell, umene umapezeka pokanikiza kampira kolimba pa chitsulo n'kuyeza kukula kwa chipsera chake. Pa mfuti za nkhandwe, chitsulo chokhuthala mamilimita 10 ndi chimene chimagwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Kulimba kwa chitsulo chimenechi kunabwera ndi moto ndipo kumachokanso ndi moto, n'chifukwa chake chifaniziro chimadulidwa bwino ndi makina a madzi othamanga osakaniza ndi mchenga kapena a laser, pamene kuwotcherera kumafewetsa malo onse ozungulira msoko. Mabowo opachikira amadulidwa nthawi yomweyo, ndipo chitsulocho chimamangidwa ndi mabawuti a mitu yobulungira pa matcheni, pa zidutswa za lamba wa mphira wa m'mafakitale kapena za payipi yakale ya ozimitsa moto, zimene zimapirira zipolopolo kuposa tcheni. Chimapachikidwa choweramira kutsogolo ndi madigiri pafupifupi 20 ndiponso momasuka, kuti chipolopolo chikaphwanyika zidutswa zake zilowe pansi. Sichiwomberedwa ndi mfuti yamphamvu pa mtunda wochepera mayadi 100, chifukwa liwiro la chipolopolo ndi limene limawononga chitsulo kuposa kulemera kwake, ndipo chitsulo chikangoyamba timaenje kapena kupindika chimachotsedwa. Wowombera ndi aliyense woima pafupi amavala magalasi oteteza maso, ndipo m'chilimwe udzu wouma wozungulira umatchetchedwa poopa moto.

Chitsulo chili ndi vuto lina limene silikhudza chitetezo koma choonadi. Nkhandwe yachitsulo yathunthu imalira mofanana kaya yamenyedwa pamtima, pamchira kapena pamwendo, ndipo kulira kumeneko kumakondweretsa khutu n'kuphunzitsa munthu kukhutira ndi kungokhudza nyama. Opanga anzeru amathetsa vutoli podula bowo la masentimita 8 mpaka 10 pachifuwa n'kupachika kumbuyo kwake kachitsulo kapadera kamene kamatembenuka kakamenyedwa, kapena popanga thupi lonse ndi pulasitiki n'kubisa kachitsulo kozungulira kumbuyo kwa chifuwa, kotero kuti kulira kumamveka pokhapokha chipolopolo chadutsa malo opha.

Masamu a mtunda ndi mphepo

Mfuti zotchuka pa ntchitoyi ndi za zipolopolo zing'onozing'ono koma zaliwiro, monga .222 Remington, .223 Remington, .22-250 Remington, .204 Ruger ndi .243 Winchester, ndipo zipolopolo zake zimapangidwa ndi chikopa chopyapyala kuti ziphwanyike zikangolowa m'thupi. Chipolopolo cha .223 cholemera magalamu 3.6 chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 980 pa sekondi, komabe chimayamba kugwa chikangochoka mu mpope wa mfuti. Ngati galasi lachunidwa kuti chipolopolo chizigwera pakatikati pa mayadi 100, pa mayadi 200 chimakhala chatsika masentimita pafupifupi 7, ndipo pa mayadi 300 chatsika pafupifupi 28. Mphepo yowomba cham'mbali pa liwiro la makilomita 16 pa ola imachikankha masentimita pafupifupi 3 pa mayadi 100, pafupifupi 12 pa mayadi 200 ndi pafupifupi 28 pa mayadi 300. Kugwa kwa chipolopolo kumatha kuwerengedwa molondola ngati mtunda wayezedwa ndi kachipangizo ka laser, koma mphepo imasintha m'zigwa ndi m'mipata ya mitengo, ndipo kulakwitsa liwiro lake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kumakwana kutulutsa chipolopolo kunja kwa chifuwa pa mayadi 300.

Kulondola kwa mfuti kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa MOA, umene ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri imodzi, ndipo umafanana ndi masentimita 2.7 pa mayadi 100 ndi masentimita 8 pa mayadi 300. Mfuti yabwino yokhazikidwa pa tebulo imasonkhanitsa zipolopolo zake m'bwalo la MOA imodzi, zimene zikutanthauza kuti pa mayadi 300 kumwazika kwa mfuti payokha kumadzaza kale chifuwa chonse cha nkhandwe, munthu asanalakwitse chilichonse. Kuthengo kulibe tebulo, ndipo mlenje amatsamiritsa mfuti pa ndodo zoimika, pa miyendo iwiri ya mfuti kapena pa denga la galimoto, ali wozizidwa ndi wotopa, kotero kuti bwalo lake limakula mosavuta kuwirikiza kawiri. Kuwonjezera apo, chipolopolo chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi kuti chifike pa mayadi 300, ndipo nkhandwe imene yayamba kuyenda mita imodzi pa sekondi pa nthawi imene mfuti yakhethemulidwa imakhala itasuntha masentimita oposa 30.

Masamu amenewa ndi amene amapatsa kuyeserera dongosolo lake. Zifaniziro zimamwazidwa pa mitunda yosiyanasiyana imene wowombera sanauzidwe, zina zitabisika theka mu udzu, ndipo iye amawombera ali pa kaimidwe kamene amagwiritsa ntchito kuthengo, mkati mwa masekondi owerengeka. Chipolopolo choyamba chotuluka mu mpope wozizira ndi chimene chili ndi phindu lalikulu, chifukwa nkhandwe sipereka mwayi wokonza, ndipo mfuti zina zimaponya chipolopolo choyambacho pamalo osiyana pang'ono ndi zotsatira. Zotsatira zonse zikamalembedwa m'kabuku pamodzi ndi mtunda, mphepo ndi kaimidwe, pamaoneka mtunda umene zipolopolo zimayamba kutuluka m'bwalo la chifuwa, ndipo mtunda wa kumbuyo kwa umenewo ndi malire enieni a munthuyo ndi mfuti yakeyo.

Usiku ndi funso la chimene chikuwala

Popeza nkhandwe imayenda usiku, kuyeserera kwa masana kokha n'kosakwanira. Njira yakale ndi ya tochi yamphamvu, imene imawalitsa maso a nyama chifukwa cha kachikopa konyezimira kamene kali kumbuyo kwa diso, ndipo alenje ena amamata tizidutswa tiwiri tonyezimira pa mutu wa chifaniziro kuti atsanzire kuwalako. Masiku ano kwafala magalasi oona mu mdima ndi ena oona kutentha kwa thupi, ndipo pa magalasi a kutentha katoni sioneka pokhapokha patamatidwa kathumba kotenthetsa manja kapena kapepala ka aluminiyamu kamene kamasiyana kutentha ndi malo ozungulira. Njira zimenezi ndi zabwino pochuna galasi, koma zili ndi chiopsezo chozoloweretsa munthu kuwombera kadontho kowala. Malangizo a bungwe la British Association for Shooting and Conservation pa kuwombera usiku amaletsa kuwombera maso okha thupi lonse lisanazindikirike, popeza maso a nkhosa, galu, mphaka ndi gwape amawalanso, ndipo ku Britain anthu anawomberedwapo usiku atayesedwa nkhandwe. N'chanzeru, tsono, kuika pakati pa zifaniziro za nkhandwe zina zosayenera kuwomberedwa, monga za mwana wa nkhosa, za kagwape kakang'ono kotchedwa muntjac, ndi za badger, nyama yonga chiuli imene imatetezedwa ndi lamulo la mu 1992, kuti diso lizolowere kuzindikira chala chisanagwire ntchito.

Kumbuyo kwa chandamale chilichonse kumayenera kukhala nthaka yofewa yokwera imene imaoneka bwino, chifukwa chipolopolo cha mfuti zimenezi chikapita m'mwamba chimatha kuyenda makilomita oposa 3, ndipo mpanda wa zitsamba kapena nkhalango sizichiimitsa koma zimangobisa chimene chili kuseri. Nthaka ya miyala, youma gwa kapena youndana ndi chisanu imanjanjitsa chipolopolo, monganso madzi. Chilolezo cha mwini malo n'chofunika, ndipo ku England ndi Wales ndi mlandu kuwombera mkati mwa mafiti 50 kuchokera pakati pa msewu ngati kuteroko kwavulaza, kusokoneza kapena kuika pa ngozi wodutsa. Munthu amene amasamala za malo ogwera chipolopolo pa tsiku loyeserera amatenga chizolowezi chomwecho kupita nacho usiku, pamene nkhandwe yoima pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, imayenera kusiyidwa ngakhale ili pafupi.

Mayeso amene palibe wowalamula

Ku Norway, mlenje wa nyama zikuluzikulu amayesedwa chaka ndi chaka: amayenera kuwombera zipolopolo 30 zoyeserera, kenako zipolopolo 5 pa chifaniziro cha nyama, zonse zigwere m'malo opha. Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza wowombera nkhandwe kuyesedwa motero, ndipo kulibenso nyengo imene nkhandwe imatetezedwa, ngakhale m'miyezi imene yaikazi ili ndi ana m'dzenje amene amafa ndi njala mayi wawo akaphedwa kapena akalumala. Zipangizo zamakono, zoyezera mtunda ndi zowerengera kugwa kwa chipolopolo, zachititsa kuti kuwombera patali kuoneke kosavuta, ndipo zithunzi zimene zimafalitsidwa pa intaneti zimaonetsa zipolopolo zimene zinapha, osati zimene zinavulaza. Pamene boma silinaike mayeso, mlenje amayenera kudziikira yekha, ndipo katoni yodulidwa pa muyeso weniweni, yokhala ndi bwalo lobisika kumbuyo, ndi woweruza wotchipa amene sakondera munthu. Ngati kabuku kakuonetsa kuti pa mayadi 180 zipolopolo zonse zimalowa m'chifuwa koma pa mayadi 240 chimodzi mwa zinayi chimatuluka, mlenje wa chikumbumtima amafupikitsa mtunda, amaitana nkhandwe kuti isendere, kapena amadikira usiku wina. Mlimi amene wamuitana amatetezedwabe ziweto zake, ndipo nyama imene yaweruzidwa kuti ife imafa ndi chipolopolo chimodzi, chimene ndi chinthu chochepetsetsa chimene munthu wonyamula mfuti ali nacho ngongole kwa iyo.